Mafunso ndi Mayankho: Manambala Amene Amatsogolera ku Ntchito za Boma Zoyeretsa

Funso: Ndimakhala mumzinda wa Leicester ku Britain ndipo ndili ndi kampani yaing'ono yoyeretsa m'maofesi ndi m'nyumba za anthu. Ndamva kuti makhonsolo, masukulu ndi zipatala amalengeza ntchito zoyeretsa pa intaneti, koma ndikalemba mawu pofufuza, zimatuluka zambirimbiri zosandikhudza. Wina anandiuza kuti ndizigwiritsa ntchito manambala a CPV, ndiye ndinayesa kulemba 81210, nambala imene ili pa zikalata za kampani yanga, koma sizinathandize. Kodi ndikulakwitsa pati? (Mayi wa ku Leicester)

Yankho: Mayi, nambala imene munalembayo si yabodza, koma ndi ya khomo lina. Nambala ya 81210 ndi ya m'kaundula wotchedwa SIC, ndipo ntchito yake ndi kuuza ofesi yolembetsa makampani ya Companies House kuti kampani yanu imayeretsa nyumba. Ogula zinthu m'boma sagwiritsa ntchito nambala imeneyi polengeza ntchito. Iwo amagwiritsa ntchito CPV, umene ndi m'ndandanda wa manambala oimira mitundu ya katundu ndi ntchito, amene bungwe la European Union linakhazikitsa mu 2002 n'kuwakonzanso mu 2008, pofuna kuti chilengezo cholembedwa m'Chifalansa kapena m'Chijeremani chizimveka kwa wamalonda wa dziko lina ngakhale sadziwa chinenerocho. Dziko la Britain litatuluka m'bungweli linapitiriza kugwiritsa ntchito manambala omwewo.

Nambala iliyonse ya CPV imakhala ndi manambala 8, kenako kamzere ndi nambala imodzi yotsimikizira kuti enawo alembedwa molondola. Manambala awiri oyambirira amasonyeza gulu lalikulu, ndipo otsatirawo amachepetsa gululo pang'onopang'ono mpaka kufika pa ntchito imodzi yeniyeni. Gulu lanu ndi 90, koma m'gulu limeneli mulinso zotaya zinyalala, za zonyansa za m'mipope ndi zosamalira chilengedwe, choncho mukafufuza ndi 90000000 mudzadzazidwa ndi zilengezo za magalimoto otola zinyalala. Poyambira pabwino ndi 90910000, imene imaimira ntchito zoyeretsa. Pansi pake pali 90911200 ya kuyeretsa nyumba, 90911300 ya kupukuta mawindo, 90919200 ya kuyeretsa maofesi ndi 90919300 ya kuyeretsa masukulu. Lamulo losavuta kukumbukira ndi lakuti nambala ikakhala ndi maziro ambiri kumapeto, ndiye kuti ikukuta ntchito zambiri.

Apa mpamene ndikufuna mumvetse bwino, chifukwa ambiri amaphonya ntchito atadziwa kale manambala. Nambala imene ili pa chilengezo imasankhidwa ndi munthu, wogwira ntchito mu ofesi yogula zinthu, amene mwina tsiku limenelo akulembanso zilengezo za makompyuta ndi za chakudya cha ana asukulu. Wina amasankha mosamala nambala ya sukulu, wina amangoika 90910000 pa chilichonse, ndipo winanso amaika 90911200 chifukwa kwa iye sukulu ndi nyumba basi. Inu mukaumirira nambala imodzi yokha ya maofesi, ntchito ya ofesi imene yaikidwa pansi pa nambala ya nyumba simudzaiona ngakhale ili mumsewu wanu womwe. Malangizo anga ndi akuti muzifufuza ndi nambala yaikulu pamodzi ndi zing'onozing'ono zonse zimene mungathe kugwira ntchito yake, kenako muchepetse zotulukazo posankha dera ndi kukula kwa ndalama, osati pochotsa manambala. Kuwerenga zilengezo khumi zosakukhudzani kumatenga kanthawi kochepa, pamene kuphonya chimodzi chokukhudzani kungatanthauze kudikira zaka zingapo kuti ntchitoyo ilengezedwenso.

Palinso nambala ina imene ili kunja kwa gulu la 90 imene muyenera kuiyang'anira, ndiyo 79993000, ya kasamalidwe ka nyumba ndi malo ogwirira ntchito. Mabungwe akuluakulu amakonda kumanga mtolo umodzi wa kuyeretsa, ulonda, kutchetcha kapinga ndi kukonza zowonongeka, n'kuupereka kwa kampani imodzi. Kampani yaing'ono singanyamule mtolo wonsewo, koma nthawi zina umagawidwa m'zigawo ndipo chigawo cha kuyeretsa chimakhala chapachokha, komanso kampani imene yapambana ikhoza kufuna makampani ang'onoang'ono oti iwapatseko gawo. Manambala oyamba ndi 398, monga 39830000, musataye nawo nthawi pokhapokha ngati mumagulitsa sopo ndi mankhwala otsukira, chifukwa amenewa ndi a katundu, osati a ntchito.

Malo ofufuzira ndi webusaiti ya boma ya Find a Tender. Kuchokera pa 24 February 2025, pamene lamulo la kagulidwe ka zinthu m'boma la Procurement Act 2023 linayamba kugwira ntchito, webusaiti imeneyi ndiyo likulu la zilengezo zatsopano, ndipo ogulitsa amalembetsa pomwepo mbiri ya kampani yawo kamodzi m'malo moilemba mobwerezabwereza. Webusaiti ina ya Contracts Finder, imene inkasonyeza makontirakiti opitirira mapaundi 12,000 a boma lalikulu ndi 30,000 a makhonsolo ndi mabungwe ena, ndi yothandizabe poona zimene zinalengezedwa pansi pa malamulo akale. Scotland ili ndi Public Contracts Scotland, Wales ili ndi Sell2Wales, ndipo Northern Ireland ili ndi eTendersNI. Kufufuza n'kwaulere, ndipo mukasunga zimene mwafufuza mukhoza kumalandira uthenga pa imelo chilengezo chatsopano chikatuluka. Alipo makampani amene amalipiritsa kuti azikutumizirani zilengezo zomwezi, koma kwa munthu amene akungoyamba kumene sindikuona chifukwa cholipirira musanazolowere kufufuza nokha.

Phindu lalikulu la manambalawa, mwa kuona kwanga, lili pa zilengezo za ntchito zimene zinaperekedwa kale. Mukalemba 90919300 n'kusankha dera lanu, mudzaona masukulu amene anapereka kontirakiti, kampani imene inapambana, ndalama zake, ndiponso nthawi zambiri tsiku limene kontirakitiyo idzathe. Lembani masiku amenewa m'kope, chifukwa chilengezo chikatuluka nthawi yoyankhira imakhala ya masabata ochepa, ndipo siikwana kuti muyambe kumene kufunafuna inshuwalansi, makalata a umboni ochokera kwa makasitomala ndi ziphaso za DBS, zosonyeza ngati munthu anapalamulapo mlandu, zimene masukulu amafuna kwa antchito. Mudzaonanso kuti ntchito zina zimadutsa m'mabungwe ogulira zinthu limodzi monga ESPO, lomwe lili komweko ku Leicestershire, ndi YPO la ku Yorkshire, ndipo kuti mupeze ntchito zoterozo muyenera kulowa kaye m'ndandanda wawo pa nthawi imene atsegula. Musanalembe mtengo, funsaninso za lamulo la TUPE, pakuti nthawi zambiri antchito amene akuyeretsa kale pamalopo amasamukira kwa wopambana ali ndi malipiro ndi ufulu wawo wakale, ndipo mtengo umene sunawerengere zimenezi ukhoza kugwetsa kampani.

Funso: Ine ndili ku Lilongwe ndipo ndili ndi kampani yosesa, kukolopa ndi kusamalira panja pa maofesi. Kodi manambala a mtundu umenewu ali ndi ntchito kwa ife kuno? (Bambo wa ku Area 25)

Yankho: Bambo, manambala a CPV ndi a ku Ulaya ndi ku Britain, choncho musavutike kuwaloweza. Pa ntchito za boma la Malawi, choyamba ndi kulembetsa kampani yanu ku bungwe la PPDA, loyang'anira kagulidwe ka zinthu m'boma, m'gulu logwirizana ndi ntchito imene mumagwira, kukhala ndi chiphaso cha MRA chosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho, ndi kumawerenga zilengezo m'nyuzipepala ndi pa mawebusaiti a maunduna ndi makhonsolo.

Kumene manambala angakuthandizeni ndi ku mabungwe a United Nations amene ali ndi maofesi mumzinda wanuwo. Iwo amalengeza ntchito zambiri pa webusaiti ya UNGM, imene imagwiritsa ntchito m'ndandanda wina wotchedwa UNSPSC. M'menemo ntchito zoyeretsa zili pa 76110000, ndipo kuyeretsa nyumba ndi maofesi kuli pa 76111500. Polembetsa mumafunsidwa kusankha manambala ofotokoza ntchito yanu, ndipo ogula akamafufuza makampani oti awaitane amayang'ana manambala omwewo. Sankhani onse amene mumagwiradi ntchito yake, kuphatikizapo a kusamalira kapinga ndi maluwa poti mwati mumagwiranso panja, koma musaike a ntchito zimene mulibe zida zake kapena anthu ake, chifukwa akadzakuitanani adzafuna umboni wa kumene munagwirapo ntchito yoteroyo.