Ulendo wa pa Ilala kuchokera ku Monkey Bay mpaka ku Chilumba: kodi n'kutheka kuona malo akale?

Mayi, mwafunsa ngati n'zotheka kutenga makolo anu, amene angopuma pantchito, pa ulendo wa sabata yathunthu pa sitima ya Ilala, n'kumatsika pa doko lililonse kukaona malo a mbiri yakale. Ulendowo ndi wotheka ndithu, koma muyenera kudziwiratu kuti Ilala si sitima ya alendo okaona malo. Ndi sitima yantchito, yonyamula anthu a m'mphepete mwa nyanja pamodzi ndi matumba awo a usipa, ufa, simenti ndi malata, ndipo ikaima pa doko imaimira katundu ameneyo, osati inu amene mukufuna kukajambula zithunzi kumtunda. Katundu akatha kutsitsidwa ndi kukwezedwa imaliza hutala n'kunyamuka, kaya ndi masana kaya ndi pakati pa usiku.

Sitimayi payokha ndi mbiri. Inapangidwa ndi kampani ya Yarrow pafupi ndi Glasgow ku Scotland mu 1949, inabwera m'zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, ndipo ataimanga ku Monkey Bay inayamba kuyenda panyanja mu 1951. Dzina lake inatengera kwa Ilala yoyamba, kasitima ka nthunzi kamene amishoni a Livingstonia anafika nako ku Cape Maclear mu 1875. Mwachizolowezi imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, kufika ku Chilumba Lamulungu, n'kubwereranso ku Monkey Bay Lachitatu, koma ndondomeko imeneyi imasintha, ndipo nthawi zina sitimayi imaimitsidwa kuti ikonzedwe, choncho funsani ku ofesi ya padoko m'sabata yomweyo ya ulendo wanu, ndipo mufunsenso madoko amene ikuimapo.

Malangizo anga ndi akuti musayese kuona zonse muli m'sitima. Udulireni ulendowo pa Likoma. Mukatsika pa chilumbachi pamene sitima ikupita kumpoto, mudzakhala ndi masiku angapo isanadutsenso pobwerera kumwera, ndipo masiku amenewo ndi amene adzakhale phindu lenileni la ulendo wonse. Tchalitchi chachikulu cha St Peter's cha mpingo wa Anglican chili pamtunda woyenda pansi kuchokera pamene anthu amatsikira. Mwala wake wa maziko unaikidwa mu 1903, ndipo ntchito inatha mu 1911. Malo amene chinamangidwapo amatchedwa Chipyela, chifukwa ndi pamene kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti, ndipo amishoni a UMCA, bungwe la amishoni a mpingo wa Anglican, anasankha malowo mwadala. Munthu ukalowa m'kati n'kuona kutalika kwa makoma a miyala ndi magalasi a mitundumitundu a m'mawindo, umadabwa kuti zonsezi zinatheka bwanji pa kachilumba kouma, kodzaza milambe, kamene kazunguliridwa ndi madzi a dziko la Mozambique. Ngati makolo anu ndi opemphera, konzani kuti Lamulungu likupezeni komweko, pakuti tchalitchi chimenechi chimamveka bwino m'kati muli anthu akuimba kusiyana ndi pamene chili chete mkati mwa sabata.

Nkhotakota ndi nkhani ina. Pa matauni onse a m'mphepete mwa nyanja, imeneyi ndi imene ili ndi mbiri yolemera kwambiri komanso yowawa kwambiri. Kuyambira cha m'ma 1840, Mswahili wina, Salim bin Abdallah, amene ankadziwika ndi udindo wa Jumbe, anakhazikitsa pamenepa msika wa minyanga ya njovu ndi akapolo. Anthu ogwidwa kumtunda ankawolotsedwa nyanja m'zombo za matanga, kenako n'kuyendetsedwa pansi mpaka ku Kilwa, m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Mkuyu umene anthu amati David Livingstone anakambirana ndi Jumbe patsinde pake ukadalipo, ndipo m'tchalitchi cha All Saints muli manda a Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanjayi mu 1895 atangodzozedwa kumene. Ndi ku Nkhotakota komweko kumene chipani cha Malawi Congress Party chinachitira msonkhano wake waukulu wa 1960. Vuto ndi lakuti madzi a pagombe pamenepa ndi osaya, kotero sitima ikaimako imaponya nangula patali, ndipo simungadalire kuti mupita kumtunda, muone zonsezi, n'kubwerera isananyamuke. Popeza Nkhotakota ili pa msewu wa M5, kuli bwino kuipatsa tsiku lakelake pagalimoto, musanakwere sitima kapena mutatsika.

Nkhani yotsikayi ndiyo ndikufuna muiganizire mofatsa chifukwa cha msinkhu wa makolo anu. Pa madoko amene alibe jeti, monga Chizumulu, Usisya ndi Ruarwe, anthu amatsika pa makwerero a m'mbali mwa sitima kulowa m'maboti ang'onoang'ono, ndipo m'botimo mumakhala mothithikana, wina atanyamula mwana kumbuyo, wina atasenza thumba la chimanga, mafunde akulikweza ndi kulitsitsa. Boti likafika pafupi ndi mchenga, nthawi zambiri munthu amapinda thalauza kapena kukwinya chitenje n'kuponda m'madzi ofika m'mawondo. Achinyamata a pagombe amathandiza kunyamula katundu, ngakhale kubereka munthu amene, mukawapatsa kangachepe. Ngati bambo kapena mayi anu amavutika miyendo, awa ndi madoko oti angowaonera ali pamwamba pa sitima, ndipo sadzadandaula, chifukwa mapiri a pakati pa Usisya ndi Ruarwe amatsetsereka mpaka kulowa m'madzi, ndipo kukongola kwake kumaoneka bwino kuchokera panyanja.

Ku Nkhata Bay sitima imakhalitsa chifukwa katundu amachuluka, ndipo kumeneko mukhoza kutsika popanda nkhawa. Pafupi ndi doko pali chipilala chokumbukira anthu amene anawomberedwa ndi asilikali a boma la atsamunda pa 3 Malichi 1959, pamene khamu linasonkhana kufuna kuti atsogoleri a chipani cha Nyasaland African Congress amene anatsekeredwa m'sitima ya Mpasa amasulidwe. Tsiku la anthu ofera dziko (Martyrs' Day) limene timakumbukira chaka ndi chaka lili ndi mizu yake pa doko limeneli. Doko la Chilumba lilibe zambiri zoona, koma ndi khomo lokwerera ku Livingstonia, kumene Dr Robert Laws anasamutsira mishoni mu 1894, ndipo kumeneko n'kofunika tsiku lathunthu ndi galimoto yolimba.

Za nyengo, pewani miyezi ya Juni ndi Julayi ngati mungathe. Imeneyi ndi nthawi ya mwera, mphepo yochokera kumwera imene imautsa mafunde aakulu, ndipo anthu a kunyanja saiwala kuti sitima ya Vipya inamira mu Julayi 1946 kufupi ndi Chilumba, n'kupha anthu 145. Ilala yapirira mwera kwa zaka zoposa 70, koma munthu wachikulire wosazolowera akhoza kuchita chizungulire ndi kusanza usiku wonse. Seputembala ndi Okutobala nyanja imakhala yodekha, ngakhale kuti kumatentha.

Pomaliza, makolowo muwalipirire kabini, ndipo muisungitse msanga chifukwa makabini ndi ochepa. M'kalasi ya pansi mumadzaza kwambiri, ndipo pamwamba, ngakhale pali mphepo yabwino ndi malo ogulira zakumwa, anthu amagona pa matiresi pabwalo. Tengani ndalama zogwirika m'manja zokwanira masiku onse, mankhwala awo a tsiku ndi tsiku, tochi ndi juzi, ndipo musaike pulogalamu ina iliyonse yofunika pa tsiku lotsatira tsiku limene sitima ikuyembekezeka kufika ku Monkey Bay.