Za a Louis Chimango ndi Gawo 65

Achimwene, mwafunsa kuti a Louis Chimango anali ndani, komanso ngati nzoona kuti anali Sipikala wamantha poti sanachotse aphungu amene anathawa zipani zawo nthawi ya Bingu. Ndiyankhe motalikitsa pang'ono, chifukwa nkhaniyi ana ambiri a masiku ano amangoimva m'mphepete.

A Chimango anabadwa mu 1943 ndipo ndi loya. Anakaphunzira zamalamulo ku London, kenako anaphunzitsa pa Chancellor College ku Zomba mpaka kukhala mkulu wa nthambi ya zamalamulo. Mu 1978 ndi pamene analowa ndale, nakhala phungu wa ku Mpenu Nkhoma ku Lilongwe. Nthawi imeneyo chipani chinali chimodzi, Kongeresi (MCP), ndipo Kamuzu anawapatsa maunduna angapo: zaumoyo, zamaphunziro, zamaboma ang'ono, ndipo pomaliza zachuma mpaka 1994. Amene munakula nthawi ya Ngwazi mukudziwa kuti kukhalitsa mu nduna za Kamuzu sizinali zamasewera. Anzawo ena amagona ali nduna, kudzuka ali pabwalo, ena osadzukanso nkomwe. MCP itagwa pa chisankho cha 1994, iwo anapambanabe kwawo, napita kumbali yotsutsa boma.

Usipikala unawapeza mwa tsoka la mnzawo. Mu June 2005 a Rodwell Munyenyembe anakomoka ali pampando, m'Nyumba ya Malamulo mutatentha ndi nkhani yofuna kuchotsa Bingu pa upulezidenti, ndipo anakamwalirira ku South Africa patangopita masiku ochepa. Aphungu anasankha a Chimango kulowa m'malo mwawo. Tangoganizani nyumba imene anailandira. Bingu anali atachoka mu UDF, chipani chimene chinamulowetsa m'boma mu 2004, n'kuyambitsa DPP kumayambiriro kwa 2005. Aphungu makumi angapo anamutsatira, pomwe anthu kumudzi anawavotera pa tikiti ya zipani zina.

Apa ndiye pakubwera Gawo 65 la malamulo oyendetsera dziko. Limanena kuti phungu akasiya chipani chimene anapambanira n'kulowa china, Sipikala alengeze kuti mpando wake uli wopanda munthu, kuchitike chisankho chachibwereza. Bingu anapititsa gawoli kukhoti kuti aliunike, koma mu June 2007 bwalo la Supreme linati gawolo ndi lovomerezeka. A John Tembo, amene anali mtsogoleri wa MCP, pamodzi ndi a UDF anaumirira kuti Gawo 65 likhale loyamba, bajeti ibwere pambuyo. Boma nalo linkati bajeti kaye, ndipo linali ndi chida champhamvu m'manja: makuponi a feteleza. Mlimi ku Ntchisi sankafunsa za gawo lililonse, ankafunsa kuti thumba lifika liti mvula isanagwe.

Ndiye anali amantha? Ine ndikukana, ngakhale sindiwatsuka kotheratu. Choyamba, aphungu okhudzidwawo anathamangira kukhoti n'kukatenga ziletso, ndipo Sipikala sangaponde chiletso cha khoti ngati akuponda chitsotso cha chimanga. Munthu amene anaphunzitsa maloya zaka zambiri akanatani, aphwanye lamulo pofuna kuteteza lamulo? Chachiwiri, pulezidenti ali ndi mphamvu yotseka msonkhano wa aphungu, ndipo Bingu anaigwiritsa ntchito. Bajeti itangodutsa mu September 2007, nyumba inatsekedwa nkhani ya Gawo 65 isanakambidwe. Otsutsa anatsala kukamwa yasa. Chaka chotsatira mkangano womwewo unabwereranso, bajeti inachedwanso.

Pali chinanso chimene anthu amaiwala. A Chimango anali a MCP. Akanati achotse aphungu onsewo, boma likanati Sipikala akugwirira ntchito chipani chake. Posawachotsa, a chipani chawo chomwe ankawayang'ana ndi diso lofiira. Ichi ndiye chilema cha udindowu kwathu kuno: munthu amalowa pampando wosakondera atavalabe malaya a chipani mkati mwa mkanjo, ndipo pakatha zaka zisanu amayenera kubwerera kwawo kukapempha mavoti ngati wina aliyense.

Pomwe ine ndimawadandaulira ndi pakuti ankayenda mosamala mopitirira muyeso, monga amachitira maloya. Nthawi inkatha akudikira makhoti, ndipo kudikirako kunkapindulira mbali imodzi yokha, ya boma. Aphungu odumphawo anamaliza zaka zawo zonse akulandira malipiro. Kuchokera pamenepo aliyense anaona kuti Gawo 65 limauwa koma siluma, ndipo mu 2012 Bingu atamwalira tinaonanso aphungu akukhamukira ku PP ya Mayi Joyce Banda popanda wochita mantha.

Pa chisankho cha 2009, DPP itasesa mipando yambiri, a Chimango anagonja ku Mpenu Nkhoma atakhala phungu zaka 31. Usipikala unapita kwa a Henry Chimunthu Banda. Mukafuna kumva mbali inayo, funsani akuluakulu a UDF, ndikudziwa kuti sagwirizana nane pa za ziletsozo.