Lexus GS450h ya 2008: injini ndi yolimba, koma yezetsani batire

Achimwene, mwafunsa ngati Lexus GS450h ya 2008 imene mukufuna kuitanitsa ku Japan ndi yodalirika kuyendera muno mu Blantyre, komanso kuti imakonda kuvuta pati. Injini yake ya V6 ya malita 3.5, imene imatchedwa 2GR-FSE, ndi yolimba ndipo imayendera tcheni osati lamba, choncho ikamathiridwa oyilo wabwino pa nthawi yake siidandaulitsa, kupatula pampu ya madzi imene imayamba kudontha ikakalamba. Chimene chingakudyereni ndalama ndi mbali ya magetsi, pakuti galimotoyi ndi ya hybrid, kutanthauza kuti imayendera petulo ndi magetsi pamodzi.

Batire lalikulu lili kuseri kwa mpando wakumbuyo, ndipo n'chifukwa chake buti ndi yaing'ono poyerekeza ndi kukula kwa galimotoyo. Ndi la mavoti 288, lopangidwa ndi tizigawo 40, ndipo limafooka ndi zaka komanso kutentha, ngakhale galimoto itayenda makilomita ochepa. Musakopeke ndi nambala yaing'ono ya pa mita, chifukwa galimoto yokhalitsa osayenda ndiyo imapha batire msanga. Zizindikiro zake n'zakuti mulingo wa batire umadzadza ndi kutsika mofulumira, injini siizimanso mukaima pa mzere wa magalimoto ku Ginnery Corner, ndipo fani yakumbuyo imalira kwambiri. Makaniko akalumikiza kompyuta n'kupeza nambala ya vuto ya P0A80, dziwani kuti batirelo latha. Ena amangosinthapo kagawo kamodzi kapena tiwiri, koma kwa ine kumeneko n'kuchedwetsa chabe vuto, popeza totsalato takalamba chimodzimodzi. Fumbi la m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala limatseka fani yoziziritsa batire, kotero iyenera kutsukidwa chaka chilichonse, makamaka ngati mumatsika kawirikawiri ku Chikwawa kumene kumatentha kwambiri.

Vuto lina lodziwika pa GS450h za m'zaka za 2006 mpaka 2011 ndi kapampu ka magetsi kamene kamayendetsa oyilo mu giyabokosi injini ikazima. Mabering'i ake amatha, galimoto n'kuyatsa chenjezo, ndipo makaniko wosaidziwa angakuuzeni kuti giyabokosi yonse yafa, pamene ndi kapampu kokha kofunika kukonza. Makina oyendetsa mabuleki nawonso amatopa: mukamva pampu yake ikung'ung'uza pafupipafupi, kenako nyali zochenjeza za ABS ndi VSC (makina othandiza mabuleki ndi kuteteza kuterereka) n'kuyaka, konzekerani ndalama zambiri. Koma galimoto ikangokana kuonetsa READY (chizindikiro chakuti yakonzeka kuyenda) m'mawa, yambani mwayeza batire laling'ono la mavoti 12 limene lili m'buti musanaganize zoopsa.

Galimotoyi ndi yotsika. Pa Masauko Chipembere Highway mudzasangalala nayo, koma m'misewu ya maenje nthawi ya dzinja imagunda pansi, ndipo mashoko ake oyendera kompyuta ndi odula, mwinanso ochita kuitanitsa kunja. Musayembekezerenso kuti idzamwa petulo pang'ono ngati Prius kapena Aqua, pakuti magetsi ake anaikidwa kuti awonjezere mphamvu, ndipo msonkho wa ku MRA umakwera pa injini yaikulu ndi galimoto yakale. Ngati cholinga chanu ndi ulemu pamodzi ndi kusunga mafuta, onaninso Toyota Crown Hybrid ya malita 2.5 ya kuyambira 2013. Mukatsimikizabe pa Lexus, pezani kaye makaniko wodziwa hybrid amene ali ndi kompyuta yowerenga batire chigawo ndi chigawo, ndipo pa bajeti yanu muikiretu padera mtengo wa batire lina.