Za mendulo ya amalume ija

Ee, msuweni, funso lako ndalimva. Ukuti kodi anthu otumikira mfumu ya ku Britain ikakhala pa ulendo amapatsidwa ulemu wanji? Iwe za mbiri yakale unayamba liti kuzikonda? Paja kusukulu unkangosinza. Usandinamize, waiona mendulo ija m'sutikesi ya amalume.

Chabwino, ulemuwo ulipo. Amati Royal Victorian Order, anayambitsa ndi Mfumukazi Victoria mu 1896. Umenewu sudzera kuboma ngati ulemu wina uja wa ku Britain wotchedwa MBE, mfumu imasankha yokha amene aigwirira ntchito. Ulendo ukatha, akazembe, alembi, akuluakulu achitetezo, amapatsidwa magawo osiyanasiyana a ulemuwo, wina CVO, wina LVO, wina MVO, malinga ndi udindo. Ena ngati madalaivala ndi mendulo chabe.

Tsono amalume... iii, Mulungu awuse mzimu wawo. Mfumukazi Elizabeth anabwera kuno mu July 1979, Kamuzu n'kuwalandira, kenako anapitirira mpaka ku Lusaka kumsonkhano wa Commonwealth. Amalume, poti anali apolisi, anawaimika m'mbali mwa msewu. Usiku wake sanagone, kusita yunifomu ndi simbi yamakala, nsapato kuzipaka polishi mpaka umadziona nkhope. Koma lamulo linali loti ayang'ane khamu la anthu, msewu aufulatire. Ndiye galimoto inawadutsa kumbuyo! Akazi awo ankanena poyera kuti bambowa anangomva nthungululu basi.

Koma nkhani inkakula chaka ndi chaka. Poyamba ankati Mfumukazi anawabayibitsa. Pa ukwati uja, ayi, osati wa achemwali, wachiwiri uja mvula inatigwetsera tenti, zinali zitafika poti anagwirana chanza. Akanakhala ndi moyo, bwenzi pano atamwa nawo tiyi.

Mendulo imene waionayo ndi ya ufulu, ya 1964, imene ankapatsa asilikali ndi apolisi. Mutu wa Mfumukazi uli pamenepowo ndiwo ukukusokoneza. Si ya ulendo ayi.

Ndipo ngakhale ikanakhala MVO yeniyeni, msuweni, ilibe penshoni. Ndi zilembo zolemba kumapeto kwa dzina, basi. Palibe ndalama ya amalume imene ikutidikira ku London. Wamva? Thiransipoti yako usaiwononge kupita kuofesi ya kazembe wa Britain, kulibe ngakhale tambala.

Ndipo uibweze m'sutikesimo, amayi aang'ono asanadziwe kuti unatsegula.