Musanathire maziko m'dzina la amayi anu

Achemwali, pepani kwambiri ndi imfa ya amayi. Mwafunsa ngati ndalama zomwe mwasonkherana ndi alongo anu zingakhale bwino kumangira kalaibulale kolembedwa dzina lawo kumudzi komwe anabadwira, popeza ankakonda kuphunzitsa ana kuwerenga. Ambiri akuti mangani basi. Ine ndikuti taimani kaye pang'ono.

Nyumba imakopa chifukwa imaoneka, mutha kuijambula n'kutumiza chithunzi kwa achibale onse. Koma tsiku lotsegulira likadutsa, denga limayamba kudontha, loko amathyoka, mabuku amang'ambika, ndipo pamafunika munthu woti azitsegula m'mawa uliwonse. Munthu ameneyo azimulipira ndani? Ntchito zambiri zachikumbutso zimagwera pamenepa, eni ake chikondi ali nachobe.

Andrew Carnegie, yemwe analemera ndi mafakitale a zitsulo ku America, anabadwira ku Dunfermline m'dziko la Scotland, ndipo laibulale yake yoyamba anaimanga kwawo komweko. Inatsegulidwa mu 1883. Pambuyo pake ndalama zake zinamanga malaibulale oposa 2,500, koma bamboyu sankangomwaza ndalama. Tauni yofuna laibulale inkayenera kupereka malo ndi kulonjeza kuti chaka chilichonse izitulutsa ndalama zoyendetsera zokwana 10 peresenti ya mtengo womangira. Matauni ena anakana mphatsoyo. Tawerengerani nokha: pakatha zaka 10, zoyendetsera zafanana kale ndi zomangira. Ndiye ngati ndalama muli nazozo zikungokwanira njerwa ndi malata, ndiye kuti muli ndi theka chabe.

Ngakhale anthu olemera zinawavutapo. Leland ndi Jane Stanford anataya mwana wawo mmodzi yekhayo mu 1884, ali ndi zaka 15, atadwala tayifodi ku Florence m'dziko la Italy. Pomukumbukira anamanga yunivesite ya Stanford ku California, yomwe inatsegulidwa mu 1891. Patangotha zaka ziwiri bamboyo anamwalira, boma la America linasumira chuma chake, ndipo mayiyo anayendetsa sukuluyo ndi ndalama zake zapakhomo mpaka chumacho chinamasulidwa mu 1898. Sukuluyo inapulumuka chifukwa panali munthu amene anaikakamira zinthu zitavuta. Pakati pa inu ndi alongo anu, ndani adzakakamire? Kambiranani zimenezi poyera, musangoganiza kuti wina adzachita.

Chinanso, anthu akumudziko mwawafunsa? Musawafunse kuti "kodi mukufuna laibulale?" chifukwa palibe amakana mphatso pamaso pa wopereka, makamaka ali wofedwa. Adzavomera mwaulemu, nyumbayo n'kudzasanduka mosungira mipando yothyoka. Afunseni kuti n'chiyani chimalepheretsa ana kuwerenga, kenako mukhale chete. Ndipo musathere kwa atsogoleri okha. Mphunzitsi wa makalasi oyambirira, makolo, ngakhale ana amene anasiyira sukulu panjira, onsewa amadziwa zimene sizinenedwa pamsonkhano. Mwina mudzamva kuti chipinda chilipo kale pasukulupo koma mulibe mabuku, kapena kuti ana amakhoza bwino mayeso koma amalephera kupitiriza chifukwa cha fizi.

Mukanandifunsa ine, ndikanasankha kulipirira ana sukulu m'dzina la amayi. Sizifuna malo, sizidontha, ndipo mutha kuyamba ndi mwana mmodzi n'kumaonjezera thumba likalola. Koma nazonso zili ndi minga yake. Yoyamba ndi kusankha. M'mudzi waung'ono aliyense ndi m'bale wa wina, ndipo mukadzisankhira nokha mudzadana ndi anthu amene amayi anu ankagwirizana nawo. Lembani zoyenereza mwana papepala, aliyense azidziwe, ndipo asankhe ndi komiti ya anthu atatu kapena asanu amene si a banja limodzi. Nenaninso momveka ngati ana a achibale anu akuloledwa kapena ayi, chifukwa nkhani imeneyi idzabwera ndithu, mwina chaka choyamba chomwe. Fizi izipita kusukulu mwachindunji, inu muzilandira lisiti. Ndipo mwana mukamutenga, mutengeni mpaka amalize. Kumusiya pakati n'kowawa kuposa kusamuyamba.

Ndalamazo zikhale mu akaunti yakeyake ya kubanki yosayinira anthu awiri. Si kuti simukhulupirirana ayi, koma mavuto a pabanja akabwera, thumba lomwe lili pafupi ndi lomwe limabwerekedwa, ndipo ngongole ya kwa womwalira sakumbutsana. Mabungwe akuluakulu osunga ndalama zoterezi nthawi zambiri amagwiritsa ntchito 4 kapena 5 peresenti yokha pachaka kuti thumba lisathe. Kwa banja wamba zimenezi zimapereka kochepa kwambiri, ndipo ngati mitengo ya zinthu ikukwera msanga, ndalama yongokhala imachepa mphamvu chaka ndi chaka. Palibe cholakwika kunena kuti thumba ili ligwira ntchito zaka zisanu kapena khumi, lithandiza ana akutiakuti, kenako litha.

Ngati mtima wanu wakhazikikabe pa nyumbayo, mangani, koma pasukulu kapena pamalo pomwe pali kale anthu ogwira ntchito tsiku ndi tsiku. Mwini malo, wosunga kiyi ndi wokonza zikawonongeka, zonse zilembedwe ndipo asayinire musanagule thumba la simenti ndi limodzi lomwe. Mwanenanso kuti mukufuna zonse zithe pomadzakwana chaka chimwalirire amayi. Tsikulo musalipanikize nalo. Mutha kulengeza maganizo anu pa tsiku limenelo, ntchito yeniyeni n'kuyamba mutamva kwa aphunzitsi ndi makolo aja.