Salmon ya m'shopu komanso ya mumtsinje wa Tana

Mayi ena amene amagwira ntchito ku Leeds, ku England, anditumizira imelo. Akuti m'mashopu amaona nsomba ya salmon yochokera ku Norway, ndiye akufunsa ngati amaigwira m'mitsinje monga timachitira ndi mpasa mu Bua, komanso kuti mitsinje yake ndi yotani.

Mayi, imene mumagulayo ndi yoweta. Imakulira m'makola a ukonde oyandama panyanja, ikudya chakudya cha kufakitale. Yodzikulira yokha ndi ina, ndipo masiku ano simungaipeze chisawawa.

Kwawo kumodzi kotchuka ndi mtsinje wa Tana, kumpoto kwenikweni kwa Ulaya. Ndi wautali pafupifupi makilomita 360, ndipo chigawo chachikulu ndi malire a Norway ndi Finland, usanakathire m'nyanja ya Barents. Eni dera, anthu a mtundu wa Sámi, amautcha Deatnu. Dziko lake ndi la mapiri osalala, timitengo ta birch tatifupi, ndi reindeer, nyama zoweta zonga agwape, zimene zimayenda m'magulu. M'nyengo yozizira mtsinje wonse umaundana mpaka anthu kumayenda pamwamba pake. M'chilimwe dzuwa limatha pafupifupi miyezi iwiri osalowa, ndipo udzudzu wake si wamasewera.

Za mpasa mwalondola pang'ono, chifukwa nayo salmon imakwera mtsinje kukaswana, ngakhale kuti pachibale palibepo. Yaikazi imakumba kadzenje m'timiyala ndi mchira wake, n'kuikira mazira, n'kukwirira. Ana amakhala mumtsinje zaka zitatu mpaka zisanu, kenako amatsikira kunyanja kukanenepa, n'kudzabwerera kukamtsinje komwe anabadwira. Pobwerera imasiya kudya, imayendera mafuta a m'thupi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 munthu wina anawedza mu Tana salmon ya makilogalamu pafupifupi 36. Tangoganizani, nsomba imodzi!

Koma nsombazi zachepa kwambiri. Mu 2017 maboma a Norway ndi Finland anagwirizana zochepetsa usodzi, ndipo achinyamata ena achi Sámi anakamanga msasa pachilumba china pafupi ndi mudzi wa Utsjoki, ku Finland, potsutsa malamulowo. Mu 2021 kuwedza salmon mu Tana kunaletsedweratu, chiletsocho n'kupitirira m'zaka zotsatira. Akatswiri amaloza kugwira mopyola muyeso komanso kuti zambiri zikufera kunyanja zisanabwerere.

Pali vuto linanso. Kuyambira m'ma 1950, boma la Soviet Union linkathira mtundu wina wa salmon, wa ku Pacific, m'mitsinje ya dera la Kola ndi White Sea, kumpoto kwa Russia. Yaimuna yake imamera linunda pamsana. Imakhala zaka ziwiri zokha, ikaswana imafa, mitembo n'kumaolera m'mphepete mwa madzi. Imabwera mwaunyinji m'zaka monga 2021 ndi 2023, moti mu 2023 boma la Norway linatchinga mtsinje wa Tana ndi msampha waukulu kuti lizipatula zachilendozi.

Ine chiletso ndikuchimvetsa, pakuti nsomba ikatha palibe wopindula. Chimene chimandiwawa n'chakuti mlendo wowedza pongosangalala akhoza kupita kumtsinje wina, pamene banja lachi Sámi limene makolo ake ankatchera maukonde pamenepo lilibe kolowera. Ndi chifukwa chake mu 2017 ena a iwo anawedza dala mophwanya malamulo a nthawiyo n'kukadzinenera okha kupolisi, ndipo mu 2022 Khoti Lalikulu la ku Finland linawapeza osalakwa.