Kodi mbewu zokonzedwa ndi CRISPR n'chimodzimodzi ndi GMO?

Mwafunsa ngati mbewu zimene asayansi azikonza ndi CRISPR ndi GMO yomweyo, komanso ngati mayiko akuzilola. Kusiyana kulipo. Popanga GMO amatenga jini (kachigawo kakang'ono kamene kamasunga chibadwa) ya chamoyo china n'kuilowetsa m'mbewu, monga zinachitikira ndi thonje la Bt lomwe lili ndi jini ya bakiteriya. CRISPR, njira imene Jennifer Doudna ndi Emmanuelle Charpentier anaifotokoza mu 2012, imagwira ntchito ngati lumo: imadula DNA ya mbewuyo (momwe mumakhala majini ake onse) pamalo osankhidwa kuti jini inayake isinthe kapena ileke kugwira ntchito, ndipo nthawi zambiri mbewu imene imafika kwa mlimi sikhala ndi jini yachilendo.

Apa m'pamene mayiko anasiyanirana maganizo. Argentina inayamba mu 2015 kuunika mbewu iliyonse payokha, n'kumachotsa pansi pa malamulo a GMO zimene zilibe jini yachilendo. Ku Japan matimati okonzedwa ndi CRISPR kuti akhale ndi GABA wochuluka (chinthu chachilengedwe chopezeka m'zomera ndi m'thupi la munthu) anayamba kugulitsidwa mu 2021, pomwe khoti lalikulu la European Union linagamula mu 2018 kuti mbewu zoterezi zitsate malamulo okhwima a GMO. England inakhazikitsa lamulo lake lofewerapo mu 2023. Kuno ku Africa, Nigeria inatsogola kutulutsa ndondomeko zake, ndipo Kenya ndi Malawi anatsatira mu 2022.

Ine ndikuona kuti kukhala ndi ndondomeko sikutanthauza kuti mbewu zafika m'minda. Nthochi zimene bungwe lofufuza za ulimi la IITA likukonza ku Kenya kuti zipirire matenda ofota oyambitsidwa ndi bakiteriya zikadali pakafukufuku.